Musanayale timiyala tokongola, ndani waona nthambo zili pansi?

Pali chinthu chimene chimandiwawa ndikamadutsa pakati pa mzinda umene angoukonza kumene. Msewu athira phula latsopano, modutsa anthu apansi ayalamo timiyala tofanana ngati mano a mwana, mitengo yabzalidwa, mabenchi apentedwa. Nduna yabwera, yadula riboni, makamera ajambula. Isanathe miyezi ingapo mungoona anyamata a zipewa zolimba atulukira ndi makina oboolera, akung'amba mzere wautali pakati pa timiyala tomwe tija. Mukawafunsa, akuti nthambo ya magetsi yakale yalephera, tikuika ina. Akamaliza amakwirira dothi n'kupakapo phula lakuda pamwamba, ndipo chigamba chimenecho chimakhala pomwepo mpaka kalekale, mvula ikagwa madzi n'kumadikhapo.

Otukwanidwa amakhala anyamata a fosholo aja, pomwe iwo angotumidwa. Cholakwa chinachitika kale, m'maofesi awiri amene sanalankhulane. Khonsolo ya mzinda inavomereza za pamwamba: nyumba zosanja, masitolo, poimika magalimoto. Bungwe loyang'anira za magetsi nalo linavomereza bajeti ya kampani ya magetsi, pa tebulo lina, mwezi wina, osafunsa kuti pomwe panali timasitolo tochepa pakubwera chinyumba chokhala ndi zikepe komanso makina oziziritsa m'chipinda chilichonse. Aliyense anagwira ntchito yake, pepala lililonse lili ndi chidindo. Koma palibe amene anagwada n'kufunsa ngati nthambo yomwe ili pansi ingasenze katundu watsopanoyo.

Maganizo anga ndi akuti boma limayang'anira ntchito zimenezi chododometsa. Limatsegula maso kwambiri pa zooneka ndi pa tsiku lotsegulira, n'kuwatsinzina pa zimene zakwiriridwa ndi pa zaka zonse zapakati pamene palibe mwambo uliwonse. Chilolezo chokonzanso pakati pa mzinda sichiyenera kutuluka munthu woima payekha, amene salandira malipiro ku kampani ya magetsi kapena kwa omanga, asanaone msinkhu wa nthambo, mphamvu zake ndi mbiri ya kukonzedwa kwake, n'kulemba zimene waona pamalo pomwe aliyense angawerenge.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza akafunse anthu a ku Auckland, mzinda waukulu wa New Zealand. Mu 1998 pafupifupi magetsi onse a pakati pa mzindawo ankadzera mu nthambo zinayi za pansi pa nthaka, iliyonse ya mphamvu ya mavolti 110,000, za kampani ya Mercury Energy. Ziwiri mwa izo zinali ndi zaka pafupifupi 40. Chaka chimenecho kunatentha, nthaka inauma. Nthambo yoyamba inafa mu January, yachiwiri pa 9 February. Katundu yense anatsamira pa ziwiri zotsala, nazonso zinagonja pa 19 ndi pa 20 February. Kuyambira pamenepo pakati pa mzinda panakhala mdima ndi magetsi ogawana kwa masabata asanu. Maofesi anasamukira m'mphepete mwa mzinda, ena mpaka kumizinda ina. M'misewu munadzaza phokoso ndi utsi wa majenereta obwereka, sitima ina ya pamadzi inayima padoko n'kumapereka magetsi kuchokera ku injini yake, ndipo kampani inachita kuzika mapolo mothamanga kuti ikoke mawaya apamwamba ongoyembekezera.

Chimene chimandigwira pa nkhani ya Auckland si kutalika kwa mdimawo ayi. Ndi chakuti kampaniyo inkadziwa kuti nthambo zikufunika zina, moti inali itayamba kale ntchito yokumba ngalande yaikulu ya pansi yodzadutsitsamo zatsopano. Inangowerengera kuti zakalezo zidikira. Kafukufuku amene boma linakhazikitsa pambuyo pake anadzudzula mmene kampaniyo inkasamalira katundu wake ndi mmene inkayezera chiopsezo. Zoona. Koma funso langa ndi ili: chaka chimodzi mdima usanagwe, ndani kunja kwa kampaniyo anali ndi udindo wotsegula mabuku ake n'kunena kuti, abale, mzinda wonsewu wapachikika pa zingwe zinayi? Pamwamba nyumba zagalasi zinkanyezimira. Chikomekome cha mkuyu.

Tsono tisathamangire kunena kuti mabwana a makampani a magetsi ndi anthu oipa mtima. Nkhani yagona pa mmene ndalama zimayendera. Kampani ya mawaya ilibe wopikisana naye, chifukwa palibe amene angakoke mizere iwiri ya mapolo mumsewu umodzi. Ndiye boma limaika bungwe loti liziikira mitengo. M'maiko ambiri njira yakale inali yakuti kampani ikamanga chinthu chatsopano, siteshoni ya magetsi kaya mzere wa mawaya, mtengo wake umalowa m'kaundula wa katundu, ndipo kampani imaloledwa kupeza phindu pa katunduyo chaka ndi chaka. Koma ndalama yolipira munthu wokwera nsanja kukaona ngati chitsulo chadyeka, yodulira mitengo imene yayandikira mawaya, kapena yoyezera mafuta a thiransifoma, imangowerengedwa ngati yotuluka basi, siibala kanthu. Mukaichepetsa, yotsalayo ndi yanu. Akatswiri awiri a zachuma, Harvey Averch ndi Leland Johnson, analemba kale mu 1962 kuti dongosolo lotere limakokera kampani ku kuunjika katundu. Ku Britain bungwe loyang'anira za magetsi la Ofgem linasintha kawerengedwe kake kuyambira 2013 pofuna kuti ndalama zomangira ndi zosamalira ziziyezedwa pamodzi, umboni woti vutoli si nthano.

Kumene kampani ya magetsi ndi ya boma, matenda ndi omwewo, angosintha dzina. Phindu lake si ndalama koma mavoti. Siteshoni yatsopano ili ndi riboni, ili ndi chikwangwani cha mkuwa cholembapo dzina la wolemekezeka. Kumanga bawuti kulibe mwambo. Palibe phungu amene anapambana chisankho chifukwa choti m'dera lake mafuta a thiransifoma anayezedwa pa nthawi yake.

Zotsatira zake zimaoneka pa tinthu ting'onoting'ono. Pa 8 November 2018, ku California, kangowe kachitsulo konga chilembo C, kamene kankakoleka zotetezera waya pa nsanja ina ya kampani ya magetsi ya PG&E, kanaduka. Mzere umenewo, wotchedwa Caribou-Palermo, unamangidwa cha m'ma 1920. Kwa zaka zambirimbiri mphepo inkagwedeza waya, kangoweko n'kumakhuzana ndi chitsulo chinzake, pang'onopang'ono mpaka kanatsala kachidutswa kopyapyala. Waya wamoyo anagunda nsanja, zitsulo zosungunuka zinagwera pa udzu wouma, moto unabuka n'kupsereza tauni ya Paradise. Anthu 85 anafa, nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 18,000 zinapsa. Mu 2020 kampaniyo inavomera kukhothi milandu 84 yopha anthu mosafuna. Kudyeka kwa chitsulo chotere sikuchitika usiku umodzi. Munthu wokwera pamwamba ndi maso ake awiri akanakuona.

Ku London, usiku wa pa 20 March 2025, thiransifoma inayaka pa siteshoni ya magetsi ya North Hyde, ndipo bwalo la ndege la Heathrow linatsekedwa pafupifupi tsiku lonse lotsatira. Lipoti la NESO, bungwe loyendetsa kagawidwe ka magetsi ku Britain, linapeza kuti mu 2018 mafuta atayezedwa anaonetsa chinyezi chochuluka pa mbali ina ya thiransifomayo, chizindikiro choti pafunika kuchitapo kanthu msanga, koma vutolo silinakonzedwe. Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Ili linanunkha kwa zaka pafupifupi 7, fungo lake lili m'faelo. Ofgem inatsegula kafukufuku pa kampani ya National Grid moto utazima kale.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amakhutira boma likati lakhazikitsa komiti yofufuza. Kufufuza maliro atachitika si kuyang'anira. Kuyang'anira ndi pamene injiniya wa bungwe la boma, tsiku wamba lopanda ngozi, akufika osachenjeza, n'kuloza nsanja imene wasankha yekha, osati imene kampani yamukonzera, n'kunena kuti tikwere iyi. Ndi pamene akutenga buku la zoyeza n'kufunsa kuti chenjezo ili la zaka zitatu zapitazo linathera pati. Mabungwe ambiri oyang'anira ndi odzaza ndi maloya ndi owerengera ndalama, anthu ofunika ndithu, koma amene amadalira malipoti olembedwa ndi kampani yomweyo imene akuiyang'anira. Mwana wasukulu akudzichongera yekha mayeso, mphunzitsi n'kumangowonkhetsa malikisi.

Ndipo malamulo opanda mano sathandiza. Pa 14 August 2003 anthu pafupifupi 50 miliyoni ku United States ndi ku Canada anakhala mumdima. Zinayambira ku Ohio, kumene mawaya a kampani ya FirstEnergy anakhudza mitengo yosadulidwa pomwe makina ochenjeza m'chipinda choyendetsera anali atasiya kugwira ntchito. Nthawi imeneyo miyezo ya kasamalidwe ka mawaya akuluakulu inalipo, koma kuitsata kunali kwa mtima wako. Zinatengera mdima umenewo kuti lamulo la mu 2005 liipange kukhala yokakamiza, ndi chindapusa chofika madola 1 miliyoni pa tsiku kwa wophwanya.

Tibwerere pakati pa mzinda, chifukwa kumeneko vuto limawirikiza. Pansi pa msewu wakale pamadutsa nthambo za magetsi, mapaipi a madzi, a zonyansa, a gasi, mawaya a mafoni ndi a intaneti, chilichonse ndi mwini wake, chilichonse ndi mapu ake, ndipo mapu ambiri ndi abodza. Osati kuti wina ananama dala. Amene anakumba zaka 60 zapitazo anakumana ndi mwala, anakhotetsa paipi, osalemba, ndipo anamwalira kalekale. Mzinda wa Edinburgh ku Scotland unaphunzira zimenezi ndi misozi pamene unkamanga njanji ya sitima zoyenda mumsewu. Asanayale njanji anayenera kusuntha zonse za pansi, ndipo okumba ankapeza mapaipi ndi nthambo zimene pa mapepala panalibe. Ntchito yosuntha inachedwa, omanga njanji anayamba kulipiritsa nthawi yodikira, mikangano inabuka. Sitima zinayamba kuyenda mu May 2014, mochedwa ndi zaka zitatu, pa njanji yofupikitsidwa, ndalama zitakwera kuchoka pa mapaundi 545 miliyoni kufika pa 776 miliyoni. Eni masitolo a mumsewu wa Leith Walk anapirira maenje ndi mipanda pakhomo pawo, makasitomala akuthawa, kenako n'kumva kuti njanji sifika kwawoko. Inadzafika mu 2023. Chaka chomwecho ndi pamene lipoti la woweruza Lord Hardie lofufuza zimene zinalakwika linatuluka, patatha zaka 9 chiyambireni kafukufukuyo, ndipo linaloza chala khonsolo, kampani imene khonsoloyo inapanga kuti iyendetse ntchito, komanso nduna za boma la Scotland zimene zinachotsa akatswiri awo pa ntchitoyo.

Onani mfundo yomalizayo. Boma linapereka ndalama zambiri, koma linabweza anthu ake odziwa ntchito. Khonsolo inadalira kampani yake, makhansala n'kumavota pa malipoti amene sakanatha kuwatsimikizira. Oyang'anira analipo ambiri pa pepala, woona ndi maso panalibe.

Ndikudziwa zimene omanga ndi ena a m'boma anganene, ndipo sindikuzitaya. Adzati kuyang'anira kwambiri ndi kumene kumapha ntchito. Dziko likufuna mawaya atsopano mwachangu, magalimoto amagetsi akubwera, magetsi a dzuwa ndi a mphepo akufunika njira yofikira m'mizinda, ndiye inu mukufuna kuwonjezera ofesi ina, chidindo china, miyezi ina yodikira. Ali ndi chitsanzo chabwino. Ku Germany mzere wa SuedLink, wa makilomita pafupifupi 700, wotenga magetsi a mphepo kumpoto kupita nawo kummwera, unkayenera kutha mu 2022. Anthu a m'madera odutsamo anakana nsanja, makamaka ku Bavaria, ndipo mu 2015 boma linalamula kuti mizere yotere izidutsa pansi pa nthaka. Mapulani anayambidwanso, mtengo unakwera, tsiku lomaliza linasunthira ku 2028.

Koma taonani bwino chimene chinachitika kumeneko. Sikuti woyendera anapeza chitsulo chodyeka n'kuimitsa ntchito. Andale anasintha maganizo ulendo uli pakati. Kumeneko ndi kulowerera, ndipo kulowerera ndi kuyang'anira ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale zonse zimachokera ku boma. Wolowerera amabwera mochedwa, akamva phokoso la ovota, n'kugwetsa zimene zamangidwa kale. Woyang'anira amabwera m'mawa, mafunso ake ndi odziwika kuyambira pachiyambi, ndipo akayankhidwa amachoka panjira. Kuchedwa kwa miyezi itatu poyeza za pansi ntchito isanayambe n'kotsika mtengo kuposa kuchedwa kwa zaka zitatu msewu uli chitsegukire. Walira mvula walira matope, inde, wofuna mzinda watsopano apirire maenje. Koma apirire kamodzi.

Kukumba kamodzi si maloto. Japan inakhazikitsa lamulo mu 1963 lolimbikitsa ngalande za pansi zogwiritsa ntchito limodzi, momwe nthambo ndi mapaipi a eni osiyanasiyana zimadutsa pamodzi, munthu n'kumalowamo choimirira kukakonza popanda kung'amba msewu. Ndi zodula, ndipo si msewu uliwonse ungazikwanitse. Njira yotsikirapo mtengo ndi imene London inayamba mu 2012: kampani yofuna kukumba msewu wodutsa anthu ambiri pa nthawi yotanganidwa imalipira lendi ya msewuwo tsiku lililonse. Mwadzidzidzi makampani amene sankadziwana amayamba kuimbirana foni kuti tikumbire limodzi. Palibe chozizwitsa apa. Boma langopangitsa kuti kuvutitsa anthu kukhale ndi mtengo kwa wovutitsayo.

Pali mbali ina imene imakonda kuzembedwa: ndani alipire? Chinyumba chatsopano chikafuna thiransifoma yaikulu ndi nthambo yokulirapo, womanga amafuna kuti mtengowo umwazidwe pa mabilu a anthu onse, ati mzinda wonse upindula. Kampani ya magetsi sikana, poti katundu watsopano ndi phindu latsopano. Awiriwa akagwirizana m'chipinda, amene kulibe ndi mayi wa kumalire a mzinda amene magetsi ake amathimathima, yemwe adzalipira nawo nthambo ya nyumba imene sadzalowamo. Nthawi zina n'zoona kuti kukulitsako kuthandiza dera lonse ndipo n'koyenera kugawana mtengo. Koma chigamulo chimenecho chichitikire poyera, ndi manambala, osati chibisike m'ndime ya pa tsamba la 200 la pempho lokweza mitengo.

Chovuta kuposa zonse ndi pamene boma lomwelo ndi mwini malo, ndi womanga, ndi mwini kampani ya magetsi, ndiponso woyang'anira. Pa 31 August 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso pakati pa Johannesburg. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzindawo. Munkakhala anthu mothithikana, m'tizipinda ta matabwa, njira zothawira zitatsekeka. Komiti yotsogozedwa ndi Sisi Khampepe, amene anali woweruza wa khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, inapeza kuti mzindawo unkadziwa mmene zinthu zinalili koma sunatsate malamulo ake omwe. Ikanakhala nyumba ya munthu wamba, khonsolo ikanatha kumulembera kalata yomuopseza. Koma ndani amadzilembera yekha kalata yotere? Masabata 6 motowo usanachitike, mumzinda womwewo, mpweya wa methane unaphulika m'ngalande ya pansi pa msewu wa Lilian Ngoyi, phula linang'ambika, maminibasi anagubuduzika, munthu mmodzi anafa, ndipo patatha chaka msewuwo unali chitsekekere. Mzinda umene kwa zaka wakhala ukulengeza mapulani otsitsimutsa pakati pake sunkadziwa chimene chinkaunjikana pansi pa mapazi a anthu.

Choncho ndikamati woyang'anira akhale woima payekha, sindikunena dzina lokha pa chitseko. Ndikunena kuti nduna isathe kumuchotsa chifukwa wachedwetsa mwambo wotsegulira chisankho chili pafupi. Bajeti yake isadalire chisomo cha amene akuwayendera. Akhale ndi mainjiniya akeake, olipidwa mokwanira kuti asamangoyang'ana ntchito ku kampani yomwe akuiyeza. Ndipo akhale ndi mphamvu yonena kuti imani, ngakhale womangayo ndi boma.

Kuzungulira malo alionse omanga pamakhala mpanda wa malata, ndipo pa mpandapo amamatapo chithunzi chachikulu cha mmene malowo adzaonekere: thambo lobiriwira, mitengo yokhwima kale, anthu akumwetulira ndi zikwama za m'sitolo. Ine ndikupempha pepala limodzi lokha pambali pa chithunzicho, lotetezedwa ku mvula. Palembedwe chaka chimene nthambo zodyetsa malowa zinaikidwa, katundu amene zikusenza lero ndi amene zidzasenze nyumbayi ikadzadzaza, tsiku limene zinayezedwa komaliza, amene alipire zatsopano, ndi dzina la ofesi imene injiniya wake anatsikira m'dzenje kukaona.